Ombudsman: Magwero a Liwu la Chiswidishi ndi Udindo Umene Linabala

Liwu lakuti ombudsman, limene masiku ano limamveka pa wailesi ndi kuwerengedwa m'nyuzipepala za maiko ambiri kuphatikizapo Malawi, ndi limodzi mwa mawu ochepa a Chiswidishi amene zilankhulo zina zinabwereka popanda kusintha kalembedwe kake, ndipo ambiri mwa amene amalitchula amakhulupirira kuti limatanthauza munthu womva madandaulo kapena woteteza anthu wamba kwa akuluakulu a boma. Tanthauzo limeneli ndi la posachedwa ndipo silipezeka m'zigawo zimene zinapanga liwulo. M'Chiswidishi, ombudsman ndi munthu amene wapatsidwa mphamvu yochita zinthu m'malo mwa wina, ndipo liwulo palokha silitchula amene wapereka mphamvuyo, kaya ndi mfumu, Nyumba ya Malamulo, bungwe la ogwira ntchito kapena mlimi wokhala ndi mlandu kubwalo. N'chifukwa chake pa zaka pafupifupi 800 zimene liwuli lakhala likulembedwa, chimene chakhala chikusintha si ntchito ya kutumidwa ayi, koma mwini wake wotuma.

Liwuli lili ndi zigawo zinayi, zomwe ndi om, bud, s ndi man. Chigawo chomaliza, man, chimatanthauza mwamuna kapena munthu, pamene s ndi chilembo chosonyeza umwini chimene Chiswidishi chimaika pakati pa maina awiri powalumikiza kuti akhale dzina limodzi. Chigawo choyamba, om, ndi mperekezi wotanthauza kuzungulira chinthu kapena kunena za chinthu, ndipo ndi mbale wa um wa m'Chijeremani. Mtima wa liwuli uli pa bud, dzina lochokera ku mneni bjuda, amene amatanthauza kulamula, kuitana kapena kupereka. Matanthauzo atatuwa akuoneka ngati otalikirana, koma onse amasonkhana pa ganizo limodzi la mawu ochoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake n'cholinga chakuti achitepo kanthu. Malamulo khumi a m'Baibulo Aswidishi amawatchula ndi liwu lomweli la bud; choletsa chilichonse ndi förbud; kazembe kapena mthenga ndi sändebud; phwando loitanira alendo ndi gästabud; ndipo mtengo umene wamalonda amatchula pofuna kupatsidwa ntchito ndi anbud. Akatswiri oyerekeza zilankhulo amalondola tsinde limeneli mpaka ku chilankhulo chakalekale chimene chinabala zilankhulo zambiri za ku Ulaya ndi ku India, kumene linkatanthauza kukhala maso kapena kuzindikira, ndipo kuchokera pamenepo linadzatanthauza kudziwitsa ena, kenako kuwalamula. Tsinde lomwelo m'chilankhulo cha Sanskrit ndi limene linapereka dzina laulemu lakuti Buddha, kutanthauza wogalamuka.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa bud pakati pa anthu akale a ku Scandinavia, ayenera kudziwa mwambo wa budkavle, kamtengo kosema kamene kankatumizidwa kuchoka pa famu ina kupita pa ina poitanira anthu ku msonkhano, ku nkhondo kapena kukazimitsa moto wa m'nkhalango. M'dziko la nkhalango zowirira ndi nyanja zambirimbiri, m'mene mabanja ankakhala motalikirana, wolandira kamtengoko anali ndi udindo wokafikitsa kwa mnansi wake mosachedwa, ndipo wokasunga m'nyumba kapena kukataya ankalipitsidwa chindapusa. Wothamanga nako sankayankhula zakezake, ndipo anthu sankasonkhana chifukwa cha ulemu wa iye, koma chifukwa cha amene anakatumiza. Popeza alimi ogalukira boma nawonso ankasonkhanitsana mwa njira yomweyi, olamulira anadzakhwimitsa malamulo onena za amene ali ndi chilolezo chotumiza kamtengoko. Lero liwuli latsala makamaka m'masewera, m'mene limatchula mpikisano wothamanga mopatsirana.

M'chilankhulo chakale cha kumpoto kwa Ulaya chimene akatswiri amachitcha Old Norse, chomwe ndi kholo la Chiswidishi, Chidanishi ndi zilankhulo za ku Norway ndi ku Iceland, mneni bjóða akatsatana ndi um ankatanthauza kusiya nkhani m'manja mwa munthu wina kuti aiyendetse. Kuchokera pamenepo kunabadwa dzina lakuti umboð, kutanthauza ntchito kapena mphamvu imene munthu wasiyiridwa, ndipo wonyamula ntchitoyo anali umboðsmaðr. Anthu a nthawi imeneyo ankaweruza milandu ndi kugamula nkhani za malo pa ting, bwalo la pamtetete la amuna omasuka, ndipo mwini munda wokhala kutali, wodwala, mpingo kapena mfumu imene sikanatha kupezeka pa bwalo lililonse ankafunika wina wowayankhulira, wowatolera msonkho ndi wowayang'anira chuma. Limodzi mwa mabuku akale otchuka m'mene liwuli likupezeka ndi Jyske Lov, malamulo a chigawo cha Jutland ku Denmark amene mfumu Valdemar II inakhazikitsa mu 1241, m'mene umbozman ndi mtumiki wa mfumu woyang'anira herred, kutanthauza dera laling'ono lokhala ndi bwalo lake la milandu. Munthuyu sanali mtetezi wa alimi, chifukwa ina mwa ntchito zake inali kuonetsetsa kuti chindapusa choyenera kupita kwa mfumu chafikadi. Ankafanana ndi nyakwawa, amene mawu ake amamveka m'mudzi chifukwa chakuti kumbuyo kwake kuli mfumu, ndipo tsiku limene mfumu yam'chotsa amasanduka munthu wamba ngati wina aliyense.

Tanthauzo lakale limeneli silinafe m'Chiswidishi. Loya woimira munthu kukhoti ndi ombud. Wantchito wosankhidwa ndi anzake kuti aziona za chitetezo pamalo a ntchito ndi skyddsombud. Ngakhale sitolo imene anthu amakatengerako katundu wotumizidwa pa positi imatchedwa ombud, popeza ikugwira ntchito m'malo mwa kampani ya mtengatenga. Mabungwe a ogwira ntchito ndi zipani zandale ali ndi antchito olipidwa otchedwa ombudsman, amene sakhudzana n'komwe ndi madandaulo okhudza boma. Ku Iceland, umboðsmaður angakhale munthu woyendetsa nkhani za malonda za woimba kapena wosewera mpira.

Liwuli linalowa m'dzina la udindo waukulu wa boma kudzera mwa mfumu imene inali kutali ndi kwawo. Karl XII anachoka ku Sweden mu 1700 kupita ku nkhondo yolimbana ndi Denmark, Poland ndi Russia, ndipo atapambana kwa zaka zingapo anagonjetsedwa kotheratu ndi Peter Wamkulu, mfumu ya Russia, ku Poltava mu 1709, m'dziko limene lero ndi Ukraine. Anathawira m'dera la ufumu wa Ottoman ndi kumanga msasa pafupi ndi Bender, m'mbali mwa mtsinje wa Dniester, kumene anakhala zaka zoposa zitatu akuyesetsa kukopa mfumu ya Ottoman kuti ithire nkhondo Russia. Eni dziko atatopa naye anaukira msasa wake kumayambiriro kwa 1713 ndi kum'gwira, ndipo chipolowe chimenecho chinasiyira Chiswidishi liwu lina, kalabalik, lobwerekedwa ku chilankhulo cha ku Turkey m'mene limatanthauza khamu la anthu, koma kwa Aswidishi limatanthauza chisokonezo. Anam'samutsira ku Timurtasch pafupi ndi mzinda wa Edirne, ndipo ali kumeneko, mu Okutobala 1713, anasaina lamulo lokonzanso kayendetsedwe ka maofesi a boma lake, limene linakhazikitsa udindo wa Högste ombudsmannen, kutanthauza nthumwi yaikulu koposa ya mfumu. Woyamba kukhala pa udindowu anali Anders Leijonstedt.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mfumuyo inali itakhala zaka 13 kunja kwa dziko lake, makalata ankatenga masabata ambiri panjira, anthu anali atatopa ndi misonkho ya nkhondo komanso mliri umene unapha anthu ambirimbiri ku Stockholm mu 1710, ndipo malamulo ochokera kwa mfumu ankatsatidwa mwa apo ndi apo. Ntchito ya nthumwiyo inali kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, kuti oweruza ndi antchito a boma akugwira ntchito zawo, ndi kuzenga mlandu aliyense wonyozera. Olemba ena amanena kuti Karl XII anatengera nzeruyi ku miyambo ya Chisilamu imene anaona ku Turkey, kumene kunali mabwalo omva madandaulo okhudza akuluakulu a boma; koma kaya anaonako chiyani, dzina limene anasankha linali la kwawo ndipo linali litagwira kale ntchito zaka mazana ambiri. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti udindowu sunabadwe chifukwa cha chifundo pa anthu wamba. Unali chida cha mfumu yolamulira yokha imene inkafuna kuti mawu ake azimveka ngakhale mwini wake palibe, ndipo ngati mlimi anapindulapo, kunali chifukwa chakuti wantchito wa boma wodyera alimi masuku pamutu ankaberanso mfumu.

Karl XII ataphedwa ndi chipolopolo ku Fredriksten m'dziko la Norway mu 1718, ulamuliro wa mfumu yokha unatha, ndipo mu 1719 udindowu unasinthidwa dzina kukhala Justitiekansler, kutanthauza mkulu woona za chilungamo. Nyengo yotsatira, imene Aswidishi amaitcha frihetstiden kapena kuti nthawi ya ufulu, mphamvu zambiri zinali m'manja mwa Riksdag, Nyumba ya Malamulo imene inali ndi magulu anayi: a m'mabanja olemekezeka, atsogoleri a mpingo, amalonda a m'mizinda ndi alimi. Magulu amenewa anazindikira kuti wosankha mlonda ndiye amene mlondayo amamumvera, ndipo mu 1766, chaka chomwecho chimene Sweden inakhazikitsa lamulo la ufulu wosindikiza ndi wowerenga zikalata za boma, Riksdag inadzitengera mphamvu yosankha Justitiekansler. Zimenezi zinatha zaka zisanu ndi chimodzi zokha, pakuti Gustav III atalanda mphamvu mu 1772 anabwezera udindowo m'manja mwa mfumu.

Nkhaniyi inadzukanso mu 1809, chaka chimene Sweden inataya kwa Russia dziko la Finland, limene linali gawo la ufumuwo kwa zaka zoposa 600. Mu Malichi chaka chimenecho akuluakulu a asilikali anachotsa Gustav IV Adolf pampando, ndipo komiti ya Riksdag, imene mlembi wake anali Hans Järta, inalemba mofulumira malamulo atsopano oyendetsera dziko amene anavomerezedwa pa 6 Juni 1809. Olemba malamulowa, potsatira maganizo ogawa mphamvu za boma amene anali atafala ku Ulaya, sanalande Justitiekansler kwa mfumu monga anachitira a mu 1766, koma anaima pa njira ina yanzeru: mfumu ikhale ndi nthumwi yake, nayonso Nyumba ya Malamulo ikhale ndi yake. Motero kunabadwa justitieombudsman, amene Aswidishi amangomutchula mwachidule kuti JO, ndipo lamulo linafuna kuti akhale munthu wodziwika ndi luso la zamalamulo komanso kukhulupirika koonekera. Woyamba, Lars August Mannerheim, amene anatsogolera komiti yolemba malamulowo, anasankhidwa mu 1810 ndipo anagwira ntchito mpaka 1823. Kufunika kwa udindowu kumamveka bwino munthu akakumbukira kuti nthawi imeneyo Riksdag inkakumana kamodzi pa zaka zisanu, kotero kuti pa zaka zonse zapakatizo mfumu ndi antchito ake ankatsala opanda wowayang'ana. Apa liwu lakale linagwira ntchito yake yeniyeni, pakuti monga momwe mfumu yokhala kutali inafunira woiimira mu 1713, nayonso Nyumba ya Malamulo yobalalika inafuna woiimira.

JO wa zaka za m'ma 1800 anali makamaka wozenga milandu. Ankayenda m'zigawo kuyendera makhoti, ndende ndi maofesi, kuwerenga mabuku a milandu, ndi kutengera kukhoti woweruza kapena wantchito wa boma amene wakondera, wasunga munthu m'ndende mopitirira nthawi kapena wanyalanyaza ntchito. Madandaulo ochokera kwa anthu wamba anali ochepa pachiyambi, ndipo anayamba kuchuluka pamene boma linakula ndi kulowerera m'nkhani za sukulu, zipatala, misonkho ndi thandizo la osowa, mpaka kuti m'zaka zaposachedwa amafika cha m'ma 10,000 pa chaka. Mu 1915 kunakhazikitsidwa ombudsman wapadera woona za asilikali, amene ofesi yake inaphatikizidwa ndi ya JO mu 1968, ndipo lero pali anthu anayi osankhidwa ndi Riksdag amene amagawana ntchitoyi. JO sangasinthe chigamulo cha khoti kapena cha ofesi ya boma, ndipo kuzenga milandu kunasanduka chinthu chochitika mwa kamodzikamodzi. Chida chake chachikulu ndi kudzudzula poyera ndi kulemba lipoti la pachaka ku Nyumba ya Malamulo. Chidzudzulo chotere chimaluma chifukwa zikalata za boma ku Sweden ndi zotsekulira aliyense, ndipo mtolankhani angathe kuwerenga dandaulo limodzi ndi yankho lake.

Kwa zaka zoposa 100 udindowu sunatuluke mu Sweden. Finland inauika m'malamulo ake a 1919, koma khomo lopita ku maiko ena linatsekulidwa ndi Denmark, imene inauika m'malamulo ake a 1953 ndi kusankha Stephan Hurwitz, pulofesa wa zamalamulo, kukhala woyamba mu 1955. Mtundu wa ku Denmark unali wofewa, pakuti sunkakhudza makhoti ndipo unkadalira kufufuza ndi kulangiza kuposa kuzenga milandu, ndipo Hurwitz analemba ndi kuyankhula za ntchito yake m'Chingerezi m'maiko osiyanasiyana, kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 liwuli linali litalowa m'chilankhulocho. New Zealand inakhala dziko loyamba loyankhula Chingerezi kukhazikitsa udindowu mu 1962, ndipo Sir Guy Powles ndiye anauyamba. Britain inatsatira mu 1967, ngakhale inasankha dzina lina. Pa ulendo umenewu ndi pamene tanthauzo linapendekera. Anthu osadziwa Chiswidishi sanathe kuona ombud m'kati mwa liwulo, ndipo analimva monga dzina la ntchito imene ankaiona, yomwe ndi kulandira madandaulo. Buku limene Donald Rowat anakonza mu 1965 linamutcha ombudsman kuti mtetezi wa nzika m'mutu wake momwe, ndipo Spain itakhazikitsa udindowu m'malamulo a 1978 inautcha Defensor del Pueblo, kutanthauza mtetezi wa anthu. Kupendekeraku kunali ndi ubwino wake, chifukwa kunaika munthu wamba patsogolo, koma kunaphimba funso limene liwu la Chiswidishi limafunsa nthawi zonse, lakuti wotumidwayo amayankha kwa yani.

Funso limeneli linaonekera poyera mu Africa. Tanzania, dziko loyamba kuno kukhazikitsa bungwe la mtundu umenewu, inaika Permanent Commission of Enquiry m'malamulo ake a 1965 pamene inkalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi pansi pa Julius Nyerere, ndipo mamembala ake ankasankhidwa ndi pulezidenti ndi kupereka zotsatira za kafukufuku wawo kwa iye. Zambia inachita chimodzimodzi m'malamulo ake a chipani chimodzi a 1973 pokhazikitsa udindo wa Investigator General. Mabungwewa anathandiza anthu ambiri pa nkhani za malipiro, ntchito ndi nkhanza za maofesala ang'onoang'ono, koma m'kapangidwe kake anali pafupi ndi nthumwi ya Karl XII kuposa ya Riksdag, popeza sakanatha kufufuza mwini wake wowatuma.

Malawi inatenga njira ya 1809. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, olembedwa pambuyo pa riferendamu ya 1993 imene inathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, anakhazikitsa ofesi ya Ombudsman pa ndime 120, ndipo anasunga liwu la Chiswidishi momwe lilili. Maina a ofuna udindowu amalandiridwa kuchokera kwa anthu potsatira chilengezo, ndipo wosankha ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maudindo a boma, osati pulezidenti. Ndime 123 imam'patsa mphamvu yofufuza nkhani iliyonse imene munthu akuti wachitiridwa zopanda chilungamo pamene njira ya khoti kapena ina yom'thandiza sikuoneka. Kulemera kwa kapangidwe kameneka kunaoneka mu 2016, pamene ofesiyi motsogozedwa ndi Martha Chizuma inatulutsa lipoti lokhudza mathirakitala amene boma linagula ndi ngongole ya ku India pofuna kuthandiza alimi ang'onoang'ono, koma ambiri anagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo. Boma linatsutsa lipotilo kukhoti, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mokomera Ombudsman. Ofesi yoyankha kwa mtsogoleri wa boma ikanavutika kufika pamenepo.

Chigawo cha liwuli chimene chadzetsa mtsutso m'zaka zaposachedwa ndi man, popeza amayi ambiri akhala pa udindowu m'maiko osiyanasiyana. Norway, imene mu 1981 inakhazikitsa udindo woona za ana ndi kuutcha Barneombudet, inachotsanso chigawochi pa dzina la nthumwi ya Nyumba yake ya Malamulo mu 2021, ndipo kusinthaku sikunawononge tanthauzo, pakuti ombud payekha amanyamula ganizo lonse la kutumidwa. Sweden yasunga kalembedwe kakale, ndipo inakagwiritsanso ntchito potchula maudindo ena osankhidwa ndi boma, monga woona za ogula katundu mu 1971, woona za ana mu 1993 ndi woona za tsankho mu 2009. Malamulo a 1809 analowedwa m'malo ndi ena mu 1974, koma maudindo awiri aja sanachotsedwe: Justitiekansler amasankhidwabe ndi boma, JO amasankhidwabe ndi Riksdag, ndipo nzika ya Sweden imene yalakwiridwa ndi ofesi ya boma ili ndi ufulu wolembera aliyense mwa awiriwa.